Ndinalipira K5,000 kukaonera agogo akusula nkhwangwa, ine wowotcherera zitsulo

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndili ndi kashedi pa boma pano pa Mangochi, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 17 ndikupanga mageti, mafelemu a zitseko, mabagalabazi ndi anangula a maboti a asodzi. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mudziwe kuti amene akulembayu si munthu woti angakuwe chifukwa waona moto ukuthetheka. Moto ndimagona nawo m'maso. Ndiye alamu anga atabwera kuchokera ku Johannesburg mu Ogasiti n'kunena kuti aona pa Facebook kuti kwinakwake m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay kuli malo osungirako chikhalidwe kumene munthu amalipira kuti aonere agogo akusula zitsulo, ndinaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ndinati, "Alamu, ngati ndalama zakuchulukirani bwerani mudzaonere ine, ndikuchotserani mtengo."

Loweruka lake magetsi anathima m'mamawa, ndipo kwa ife owotcherera magetsi akathima ndiye kuti tsiku lagwa m'madzi. Chowiringula ndinalibe. Tinakwera galimoto ya alamu, iwo, ana awo awiri, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 ndi ine.

Tisanatuluke m'tauni anati tiyime kaye pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ana aone nsanja ya wotchi ija inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Ine ndimadutsapo tsiku ndi tsiku osacheuka, koma ukakhala ndi alendo umaona zinthu zako zomwe ngati zatsopano. Pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli mu Ogasiti 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ana anajambulitsa, ine ndinkangosisita chitsulo cha mfutiyo kufunafuna polumikizira, matenda a ntchito. Kenako tinanyamuka, kudutsa Namiasi ndi Makawa, milambe ili yoyoyoka masamba mbali zonse, mwera ukukankha galimoto.

Dzina la malowo sinditchula, chifukwa pali zina zimene ndidandaule m'munsimu ndipo sindikufuna kudulira munthu pakamwa. Amene mukufuna kupitako mukafunse a kabaza a m'njiramo za kumene kuli chipala (posulira zitsulo) cha alendo, akulozerani. Pakhomo tinalipira K5,000 wamkulu aliyense ndi K2,000 mwana. Pabolodi analemba kuti kusula kumayamba 10 koloko. Tinafika 10 isanakwane, koma moto unayatsidwa hafu pasiti 11, chifukwa ankadikira kabasi ka alendo ochokera ku malo ena ogona a kunyanja. Ola limodzi ndi theka tili pabenchi pansi pa mtengo wa bwemba, popanda wobwera kudzatiuza chimene tikudikira. Wotiperekeza wa pamalopo anangotizungulitsa tinyumba ta udzu, mitondo, mphero, miono, zikwatu ndi ng'oma, koma zimenezo kwa munthu wokulira kumudzi n'chimodzimodzi kumuonetsa khonde la amayi ake. Ana a alamu okha ndi amene anadabwa ndi mphero.

Chipalacho chili kumapeto kwa mpanda. Ndi kachisakasa kafupi, denga la udzu lotsika kwambiri moti ine ndinachita kuwerama polowa, ndipo m'kati muli chimdima. Ndinayamba kudandaula chamumtima kuti anthu otolera ndalama pakhomo alephera bwanji kukweza denga kuti tizionera bwino. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mdimawo ndi chida, monga mmene ilili nyundo.

Wosulayo ndi bambo wachikulire, wochepa thupi, wa ndevu zoyera ndi kofiya kumutu. Amagwira ntchito atakhala pansi, mwendo umodzi atapinda, zonse zili poti angofikira ndi dzanja. Kumanzere kwawo kuli kadzenje ka makala, kosaposa mbale ya ndiwo kukula kwake. Kutsogolo kuli mwala waukulu wosalala wokwiriridwa theka, ndi chidutswa cha njanji pambali pake. Nyundo zitatu, tchizulo, mbaniro ziwiri, ndi chigoba cha mtondo wakale chodzaza madzi akuda. Basi, shopu yonse ndi imeneyo. Ndinawapatsa moni m'Chiyao changa chothyokathyoka, iwo anayankha akuseka, n'kuyang'ana zipsera za m'manja mwanga.

"Inu ndi amisiri," anatero, osati mofunsa.

Ndinavomera kuti ndimawotcherera.

"Aa, omata. Khalani apa amisiri anzanga, kufupi."

Mawu akuti omata anandilasa pang'ono, koma ndinakhala.

Mvukuto wawo ndi wa zikopa ziwiri za mbuzi, zosendedwa ngati thumba. Kukamwa kwa thumba lililonse kuli timitengo tiwiri tansungwi. Wovukuta akamakweza dzanja amatsegula timitengoto kuti mpweya ulowe, akamatsitsa amatifinya pamodzi n'kukankha mpweyawo kudzera m'kapaipi kolowa mu kampope kadothi kamene kali m'makalamo. Manja awiriwo amasinthana, lina likukwera lina likutsika, choncho mphepo siduka. Amavukuta ndi mphwawo, mnyamata wa zaka ngati 20, ndipo akafika pachimake amachita kuimba nawo mvukutowo, fuu pha, fuu pha pha, moti mwana wa alamu anayamba kugwedeza mapewa. Chinthu chimodzi ndinachiona chimene ena sanalabadire: kapaipi sikalowa mothina m'kampope kadothi, pali mpata wa chala chimodzi. Ndinafunsa ngati chinamasuka. Agogowo anati ukathinitsa, thumba pokwera limayamwa moto n'kupsa. Ine ndikanapatsidwa ntchito yokonza chimenecho ndikanachimata bwinobwino, n'kuwotcha chikopa cha anthu.

Apa mpamene wotiperekeza anayamba kulankhula, ndipo apa mpamene pali dandaulo langa lalikulu. Ndi mnyamata waulemu, wovala bwino, koma mawu ake ndi oloweza, ndipo onse m'Chingerezi, chonsecho mwa anthu 14 amene tinalipo, 9 tinali olankhula Chichewa. Agogowo Chingerezi samva, ndiye amakhala ngati chithunzi chopachika pakhoma, wina akufotokoza za iwo iwo ali pomwepo. Mnyamatayo analoza kadzenje ka makala kaja n'kunena kuti imeneyi ndi ng'anjo, mmene makolo athu ankasungunuliramo miyala kuti ikhale chitsulo. Agogowo mawu akuti ng'anjo anawamva. Anapukusa mutu osadzutsa nkhope, n'kunena chapansipansi kwa ine, "Ichi n'chipala. Ng'anjo ine sindinaionepo ikuyaka."

Kusiyana kwake si kwakung'ono. Ng'anjo inali chimbuli chadothi chomangidwa kutchire, nthawi zina chotalika kuposa munthu, mmene ankasanjamo makala ndi miyala ya chitsulo n'kuyatsa usana ndi usiku. Ndipo ngakhale mmenemo chitsulo sichinkasungunuka n'kukhala madzi, chifukwa chimafuna kutentha kopitirira madigiri 1,500, pamene ng'anjo zotere zinkafika cha m'ma 1,200. Chimene chinkasungunuka n'kuyenderera ndi zinyalala za mwalawo, chitsulo n'kutsala chibuma chabowobowo. Chibuma chimenecho n'chimene ankapita nacho kuchipala kukachimenya mpaka chigwirane. Ng'anjo zakale zikadalipo zina ku nkhalango ya Kasungu ndi ku Nyika, koma ntchito yake inatha makasu a m'sitolo atachuluka m'nthawi ya atsamunda, ndipo osula anatembenukira ku zitsulo zakutha. Choncho amene mukupita kumeneku mukuyembekezera kuona mwala ukusanduka chitsulo, simukaona zimenezo. Mukaona sipuling'i ya lole ikusanduka nkhwangwa. N'zokwanira, koma azinena zoona.

Mnyamatayo anawonjezanso kuti luso limeneli linabwera ndi Aluya. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 koma kuwerenga ndimakonda, ndipo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa boma, ya Lake Malawi Museum, ndinalowamo kangapo. Ku Nkope, m'mbali mwa msewu womwewu umene tinayendamo, katswiri wofukula zakale Keith Robinson anafukula mapale ndi zotsalira za ntchito ya chitsulo za anthu amene anakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo, kale kwambiri Mluya asanaponde kuno. Mpaka lero akatswiri amatchula mtundu wa mapalewo ndi dzina la Nkope. David Livingstone podutsa kwa Amang'anja mu 1859 analemba kuti m'midzi yawo munali osungunula chitsulo, owotcha makala ndi osula nkhwangwa, mikondo, masingano ndi zibangili. Ngakhale dzina lakuti Maravi, ena amati linachokera ku malawi a ng'anjo owala usiku, ngakhale ena amalimasulira mwina. Ndipo kwa Ayao eni ake a kuno, Yohanna Abdallah analemba m'buku lake la Chiikala cha Wayao la mu 1919 kuti a mtundu wa Achisi ndiwo anali osula, ndipo poyenda ndi malonda a makasu ndi amene anatsegula njira yofika kugombe la nyanja yamchere n'kubwerako ndi nsalu. Ndiye kuti khasu ndi limene linapita kukakumana ndi Mluya, osati Mluya kubweretsa khasu. Sindinanene zonsezi pagulu, ndinangoti, "Achimwene, Nkope ili pompano apa, mukafunse." Alamu anandiponda phazi kuti ndikhale chete.

Tsopano ntchito yeniyeni. Agogowo anatenga chidutswa cha sipuling'i, chotalika ngati chikhatho ndi theka, n'kuchikwirira m'makala. Makala awo si ophikira aja ogula m'matumba. Ndi a mtengo wolimba, ophwanyidwa tizidutswa ngati mtedza, ndipo amawaza madzi m'mbali kuti moto usamwazikane. Sanayang'ane wotchi, sanalankhule. Anangokweza chala, mvukuto unaleka, anasolola chitsulo chili chachikasu ngati papaya lakupsa, n'kuchiika panjanji. Mphwawo anasiya zikopa n'kunyamula nyundo yaikulu. Agogowo ndi kanyundo kawo amagogoda pamalo pamene akufuna, mnyamata n'kutsitsa yaikulu pomwepo. Ting, dii. Ting, dii. Akagogoda panjanji pambali, mnyamata amaleka. Palibe liwu limodzi limene linatuluka pakamwa. Ine anyamata anga kushedi ndimachita kuwakuwira mpaka mawu kusasa.

Anayamba ndi msuka, mbali yolowa mumpini. Menya, tembenuza, menya, tembenuza, chitsulo chikutalika n'kusongoka ngati mchira wa mbewa. Chikayamba kufiira moderako amachibweza pamoto msanga. Ndinafunsa kuti bwanji osapitiriza pang'ono poti chikadali chofiira. Anati chitsulo cha sipuling'i ukachimenya chitazizira chimasunga chakukhosi, sichikuuza lero, chimadzathyoka mwini wake ali kutchire. Ndi zoona zimene ine ndimazidziwa m'njira ina: sipuling'i ili ndi kaboni wochuluka kuposa zitsulo zimene timapangira mageti, n'chifukwa chake imalimba ukaithira m'madzi, n'chifukwa chakenso imang'aluka ukaichitira nkhanza. Atatembenuza n'kuyamba kutambasula mbali yakuthwa, anasamukira pamwala uja. Anati mwala suba moto msanga ngati njanji, ndiye chitsulo chopyapyala chimakhalitsa chili chofewa. Makoko akuda ankasupuka pachitsulocho n'kugwa ngati mamba a chambo. Ndinawerenga: chinabwerera pamoto ka 16.

Pamene nkhwangwa inkayamba kuoneka, alendo a kabasi aja anali atayamba kuyang'ana mafoni. Wotiperekeza anawerama n'kunong'oneza agogowo. Iwo anaika nkhwangwa pambali pa moto, n'kusolola m'makalamo kachitsulo kena kamene kanali mmenemo nthawi yonseyi, chidutswa cha chitsulo cha konkire, chofiira psuu. Anachiviika m'madzi, chinalira tchoo, nthunzi kuti tolo mpaka kudenga. Anthu anawomba m'manja, mafoni m'mwamba, ndipo wotiperekeza analengeza kuti umu ndi mmene amalimbitsira nkhwangwa. Kenako anawatsogolera kukashopu ka zokumbukira. Ndinafunsa agogowo kuti kachitsulo kameneka n'kachiyani. Anati, "N'ka zithunzi. Kagwira ntchito zaka zitatu tsopano." Ndinaseka mpaka misozi, koma mkati zinandiwawa. Alendowo analipira mwina kuposa ife, ndipo anachoka atangotsala pang'ono kuona chinthu chokhacho chimene sangachione kwina.

Ife tinatsala, alamu akung'ung'udza za njala. Agogowo anasalaza m'mphepete mwa nkhwangwa ndi tupa, n'kuuza mphwawo kuti avukute mofatsa. Anatseka kuwala kolowera pakhomo ndi chiguduli. Apa ndi pamene ndinamvetsa za denga lija. Padzuwa chitsulo chotentha madigiri 800 sichionetsa bwino kufiira kwake, moti ungaganize kuti ungachigwire ndi dzanja. Mumdima m'pamene chimaonetsa mtundu wake weniweni. Anadikira mpaka mbali yakuthwa itafiira ngati thobwa la mawere, kapena kuposerapo pang'ono, yonse mofanana. M'mabuku amati uyese ndi maginito, chifukwa chitsulo chikafika cha m'ma 770 maginito saigwiranso. Iwo maginito awo ndi diso.

Sanaponye nkhwangwa yonse m'madzi. Anaviika mlomo wokha, zala ziwiri basi, akuyendetsa uku ndi uku, n'kuvuula thupi lake likadali lotentha. Mwachangu anakwecha mlomowo ndi kamwala mpaka kuwala, n'kundikoka malaya. "Yang'anani apa amisiri, musaphethire." Moto wotsalira m'thupi la nkhwangwa unayamba kutsikira kumlomo, ndipo pamalo pokwechedwapo panayamba kuyenda mitundu. Poyamba ngati udzu wouma wofolerera nyumba. Kumbuyo kwake ngati uchi. Kenako kofiirira ngati khosi la njiwa, ndipo kumbuyo kwenikweni kobiriwira ngati nyanja ya masana. Mizere imeneyi inkayenda pang'onopang'ono kulunjika kumlomo, ngati mtambo wa mvula ukamawoloka kuchokera ku Makanjira. Mtundu wa njiwa uja utangofika pamlomo, anamiza yonse m'madzi. Panalibe nthunzi yochititsa kaso, kaphokoso kochepa chabe. Zonsezi sizinakwane mphindi imodzi.

Anandifotokozera kuti madzi oyamba amalimbitsa chitsulo mopitirira, chimakhala ngati botolo, chikagunda mfundo ya mtengo chimabenthuka. Moto wobwerera uja ndi umene umachiphunzitsa ulemu. Lumo ndi mpeni amaziimitsa pa mtundu wa udzu, nkhwangwa ndi sompho pa mtundu wa njiwa, ndipo ukalola kuti mtundu wa nyanja ufike pamlomo ndiye kuti wafewetsa, uyambirenso. Zimene ananenazi zikugwirizana ndi zimene zili m'mabuku a ntchito yathu, kuti mtundu wa udzu umabwera cha m'ma 230 ndipo wobiriwira cha m'ma 300. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinaziwerenga n'kuiwala, iwo sanawerengepo koma amazichita Loweruka lililonse.

Ndiulule tchimo langa. Nthawi ya dzinja ntchito ya mageti ikachepa, ndimapanga nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku sipuling'i. Ndimadula ndi galaindala, kunola ndi galaindala, mpaka mlomo kubiriwira, ine n'kumati zakongola. Anthu amabwera nazo patatha mwezi, ena akuti yapindika, ena akuti yabenthuka, ine n'kumanamizira sipuling'i kuti za masiku ano n'zachabechabe. Tsiku limenelo nditakhala pansi m'fumbi ndinazindikira kuti kubiriwira kuja ndinkakuona ngati kukongola ndi kumene kunkapha mlomo. Moto wa makina anga umaposa wa agogowo kutali, umasungunula chitsulo m'kuphethira kwa diso, koma sindinayambe ndadikirapo kuti ndione chimene ukuchita mkati mwa chitsulocho. Omata, ndithu.

Mwana wanga anapempha kuti ayese mvukuto. Ndinkaganiza kuti akanizidwa, poti timamva kuti akazi sankayandikira malo otere. Agogowo anati miyambo yolimba inali ya kung'anjo, kumene amuna ankagona kutchire osayandikira akazi awo mpaka chitsulo chitabadwa, koma kuchipala ngakhale mayi awo ankavukuta bambo akasowa mnyamata. Anamukhazika pansi, "Bwera mdzukulu wanga, usalimbane nacho, chimvere." Poyamba ankafinya pokweza n'kutsegula potsitsa, phulusa lonse kumaso kwa amalume ake. Patapita kanthawi anagwira kayendedwe kake, makala n'kuyera. Wakhala akukamba zimenezi kusukulu mpaka anzake atopa naye.

Polowetsa mumpini anatenthetsa msuka wokha n'kuulasa pamutu pa mpini umene unali utabooledwa kale pang'ono. Utsi woyera unatuluka mbali zonse, fungo lake ngati la chinangwa chootcha. Anazula, kutenthetsanso, kulasanso, katatu, kenako anasiya kuti zizizire asanakhomere. Ndinagula nkhwangwa yomweyo pa K12,000, m'manja mwawo. Sindinanenerere, chinthu chimene akazi anga sanakhulupirire nditawauza.

Mawu awiri okhudza kashopu ka zokumbukira. Muli mikondo, mivi ndi timakasu tating'ono topakidwa penti wakuda, ndipo amanena kuti zonse ndi zosulidwa pachipala chomwecho. Ndinatembenuza mkondo umodzi n'kupeza mzere wa kuwotcherera pakhosi pake, wopalidwa mwaulesi ndi galaindala. Ntchito ya mnzanga wina, ndipo si waluso. Mtengo wake unali woposa wa nkhwangwa yanga. Mukafuna chinthu chenicheni, muyang'ane mapazi a nyundo pachitsulocho ndi makoko akuda aja, ndipo mugule kwa wosula mwini. Ndinamva kuti iwo amalandira ya tsiku basi, kaya kubwere anthu atatu kaya makumi atatu, ndiye ndalama imene imawafikadi ndi ya zimene agulitsa okha.

Zina zoti mudziwe musananyamuke. Musapite Lachisanu masana, agogowo amakhala ali kumzikiti ndipo chipala chimakhala chozizira, ngakhale pakhomo angakulandireni ndalama. Ana avale nsapato zotseka. Mwana wa alamu anali ndi mapatapata, kakhoko kamoto kanamugwera pakati pa zala, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu. Palibe chingwe kapena mzere woletsa anthu kuyandikira, palibenso magalasi oteteza maso, ndipo pamene nyundo yaikulu ikutsika pa tchizulo, ine amene ndinachotsedwapo kachitsulo m'diso kuchipatala ndinabweza ana kumbuyo ndekha. Madzi akumwa tengani anu. Chimbudzi chilipo ndipo n'chaukhondo, pamenepo ndiwayamikire. Chakudya kulibe, ife tinakadya nsima ya chambo pobwerera, alamu atatsala pang'ono kutilusira.

Nkhwangwayo tsopano yatha miyezi itatu pakhomo. Ndinaiyesa mwankhanza, pa chitsa cha tsanya chimene chakhala kuseri kwa nyumba kuyambira pamene tinagula malowo, ndipo amene mumaudziwa mtengo wa tsanya mukudziwa kuti umabweza nkhwangwa ngati wagunda mwala. Mlomo sunabenthuke, sunapindike. Ndainola kawiri kokha, pamwala, osati pagalaindala. Akazi anga amene amawazira nkhuni ndiwo woweruza wamkulu, ndipo nkhwangwa yathu yakale ya m'sitolo anaibwereketsa kwa aneba osaifunsanso. Cholakwika chimodzi: mpini unali usanaumitsitse, ndiye kutentha kwa Okutobala kutafika unafota, nkhwangwa n'kuyamba kugwedera. Tsiku lina inaguluka n'kukagwera pafupi ndi khola la nkhuku. Ndinasema mpini wina ndekha. Ndikuganiza kuti mipini youma inawathera chifukwa chofulumizitsidwa kuti alendo aone chinthu chomalizika, koma ngakhale zili choncho, mukagula muziiviika m'madzi usiku kapena musinthiretu mpini.

Kodi K5,000 inapita bwino? Ya agogowo inapita bwino, ndipo ndikanawonjezera. Ya oyendetsa malowo ndikadali nayo mawu. Akanangomulola wosulayo kulankhula yekha m'Chichewa kapena m'Chiyao, mnyamata uja n'kumamasulira alendo, bwenzi anthu akumva za chitsulo chosunga chakukhosi m'malo mwa nkhani ya Aluya. Akanawauzanso alendo pachiyambi kuti nkhwangwa imatenga maola awiri, amene akufuna akhale, amene sakufuna adzipita, kusiyana n'kuwanamiza ndi nthunzi. Inu mukapita, gulu likamanyamuka kupita kukashopu musadzuke. Khalani pomwepo, mufunse funso limodzi la nzeru, ndipo muona mmene nkhope ya agogowo isinthire.

Kushedi kwanga ndakumba kadzenje kuseri, ndaika kampope kadothi ndi kafani ka galimoto koyendera batire, poti zikopa za mbuzi sindingazithe. Ndatchinga ndi malata kuti mukhale mdima. Nkhwangwa yoyamba inang'aluka m'madzi momwemo, ndinamva kuti the. Yachiwiri mitundu inathamanga kwambiri, pofika poti ndimize n'kuti nyanja itafika kale pamlomo. Yachitatu ikuoneka ngati yagwira, koma sindinaigulitse, ndaipereka kwa msodzi wina wosema mabwato kuti ayambe waizunza. Ziwiri zowonongekazo ndazikulunga m'thumba la simenti pamodzi ndi masipuling'i anayi a minibasi amene agogowo anandituma, poti kwawoko akusowa ndipo ogula zitsulo zakutha akweza mtengo. Loweruka likubwerali ndikukwera matola kukawaonetsa, ndipo ndawauza kale anyamata kuti magetsi akayaka amalize okha geti ya kusukulu ija.